MPIKISANO WA ANTHU AULUMALI WA NZERU: WOLOWA NDANI?



Lero tikambirana za masewera. Tikudziwa kuti wina anena chamumtima kuti, "Ine ndasiya khasu kudzaphunzira kulemba, osati kudzamva za mpira." Khalani pansi, bambo. Nkhaniyi iyambira pabwalo la mpira, koma ikafika pa pepala ndi cholembera, ndipo pamenepo idzafuna inuyo.

M'midzi mwathu, kuchokera ku Luia mpaka ku Mualadzi ndi ku Nsadzu, muli ana ndi akulu amene nzeru zawo zimayenda pang'onopang'ono. Anachedwa kukhala, anachedwa kuyenda, anachedwa kuyankhula. Ukamtuma mchere ndi sopo, amabwera ndi mchere wokha, chenje wasiya komweko. Kusukulu anakhala kalasi imodzi zaka zitatu, kenaka makolo anati, "Basi, azikalusa mbuzi." Maina amene timawaitana nawo tonse tikuwadziwa: chitsiru, chidzete, wozerezeka. Mainawa ndi chipongwe, ndipo sitiwatchulanso. Ife tiziti munthu waulumali wa nzeru.

Anthu amenewa ali ndi mipikisano yawo pa dziko lonse lapansi. Amathamanga, amasambira, amamenya mpira, amalandira mendulo, nyimbo ya dziko lawo nkuimbidwa. Koma sangolowa aliyense. Pali malamulo onena kuti wolowa ndani, wotsala ndani. Malamulo amenewa ndiwo tawasonkhanira.

Tikunena anthu ati?

Ulumali wa nzeru si misala. Misala imagwira munthu amene anali bwinobwino, ndipo ambiri akalandira mankhwala amapeza bwino. Ulumali wa nzeru si khunyu. Alipo ena amene ali nazo zonse ziwiri, koma anthu ambiri akhunyu nzeru zawo nzakuthwa. Ulumali wa nzeru si kugontha. Mwana wosamva amaoneka ngati sakumvetsa, pamene vuto nlakuti mawu sakufika.

Ndipo si ufiti. Timamva anthu akunong'ona kuti, "Mwana uja bambo wake anamkhwimira kuti chigayo chiziyenda." Mabodza amenewa apasula mabanja. Zifukwa zenizeni achipatala amazidziwa. Mwana akachedwa kupuma pobadwa, ubongo umavulala. Malungo olowa m'mutu amavulaza ubongo. Matenda oumitsa khosi amateronso. Mayi woyembekezera akamamwa kachasu, kapena thupi lake likasowa ayodini, uja amathira mu mchere wam'mapaketi, mwana akhoza kubadwa ndi ulumaliwu. Njala yaikulu pa ukhanda nayo imabwezera nzeru m'mbuyo. Ena amabadwa ndi chimene madokotala amati Down: maso opendekeka pang'ono, khosi lalifupi, thupi lofewa. Palibe amene walakwa pamenepo, mayi kaya bambo.

Zimene zinachitika ku Sydney

Akuluakulu mukukumbukira chaka cha 2000. Pa 25 September, Maria de Lurdes Mutola anapambana mpikisano wa mamita 800 mumzinda wa Sydney, ku Australia. Inali mendulo yagolide yoyamba ya Mozambique pa masewera a Olimpiki. Amene anali ndi wailesi tsiku limenelo sanagone msanga.

Patapita mwezi umodzi, mumzinda womwewo munachitika masewera ena aakulu, otchedwa Paralimpiki. Awa ndi masewera a anthu aulumali: osaona, oduka miyendo, oyenda pa njinga, ndiponso aulumali wa nzeru. Dziko la Spain linatumiza timu ya basiketebo, mpira uja woponya ndi manja m'kadengu. Timuyo inali ya amuna 12, ndipo mapepala awo ankati onse ndi aulumali wa nzeru. Anagonjetsa aliyense. Pa masewera omaliza anagonjetsa Russia 87 kwa 63, natenga golide.

Mwa anthu 12 aja, 10 analibe ulumali uliwonse.

Chinsinsi chinaululika chifukwa mmodzi wa iwo, Carlos Ribagorda, anali mtolankhani. Atabwerera kwawo analemba zonse m'magazini. Iye anati palibe amene anamuyeza nzeru. Anangomuyeza kuthamanga kwa magazi ndi mphamvu za thupi. Anatinso pa masewera ena, ataona kuti akupambana mopitirira, mphunzitsi wawo anawauza kuti achepetse liwiro kuopa kuti anthu angazindikire.

Chinyengo ichi sichachilendo kwa ife. Tinaonapo timu ya ana asukulu ikubwera ndi "mwana" wandevu zometa m'mawa womwewo. Tinaonapo munthu akuwaza madzi m'thonje kuti lilemere pa sikelo. Kusiyana kwake nkwakuti ku Sydney anabera anthu amene sakanatha kudziyankhulira.

Spain inabweza mendulo. Amuna awiri aja amene analidi ndi ulumali, amene anakhetsa thukuta lawo moona mtima, nawonso anabweza zawo. Koma nkhani sinathere pomwepo. Akuluakulu a Paralimpiki anati, "Ngati sitingathe kusiyanitsa woona ndi wonama, masewera a anthu aulumali wa nzeru ayambe aima." Nsomba imodzi inaoletsa dengu lonse. Ku Athens mu 2004 anthuwa sanapikisane nawo pa mendulo. Ku Beijing mu 2008 sanaloledwe. Mu 2009, pamsonkhano wa ku Kuala Lumpur, mpamene anagwirizana zowabweza, ndipo anabwereradi ku London mu 2012. Werengani nokha: kuchokera 2000 kufika 2012 ndi zaka 12. Wothamanga amene anali ndi zaka 20 pa nthawi ya Sydney anafika zaka 32 akudikira. Miyendo siidikira munthu zaka zonsezo.

Nanga wopalamula uja? Mkulu wa bungwe limene linatumiza timuyo, Fernando Martín Vicente, khoti la ku Madrid linampeza wolakwa mu 2013. Linamlipitsa ndalama za ku Ulaya zokwana ma euro 5,400 ndi kumlamula kuti abweze ndalama za thandizo zimene bungwelo linalandira. Ife tikuona kuti chilango chachikulu chinagwera osalakwa.

Tsono mukamva kuti malamulo olowera ndi ovuta, dziwani kumene anachokera. Anawalimbitsa ndi akuba aja.

Khomo lalikulu

Makomo olowera alipo awiri. Loyamba ndi lalikulu, ndipo ndilo lili pafupi ndi ife. Dzina lake ndi Special Olympics.

Analiyambitsa ndi mayi wa ku America, Eunice Kennedy Shriver, mlongo wake wa Pulezidenti John Kennedy. M'banja mwawo munali mkulu wake, Rosemary, amene anali ndi ulumali wa nzeru. Onani, ngakhale m'nyumba ya mtsogoleri wa dziko lolemera mumabadwa mwana wotere. Masewera oyamba anachitika mu July 1968 mumzinda wa Chicago, ndipo kunabwera anthu pafupifupi 1,000. Mu 2023, ku Berlin, kunasonkhana oposa 6,000 ochokera m'mayiko a mbali zonse. Anansi athu a ku Malawi ndi a ku Zambia ali ndi nthambi za bungweli. Mu February 2014, ku Lilongwe, Pulezidenti Joyce Banda pamodzi ndi bungweli anaitana atsogoleri a mu Afrika kudzakambirana za anthu aulumali.

Wolowa pa khomo ili ndani?

Choyamba, akhale atakwanitsa zaka 8. Kumwamba kulibe malire: wa zaka 50 akhoza kupikisana. Ana a zaka 2 mpaka 7 ali ndi masewera awo ophunzitsa kuyenda bwino, kuponya ndi kuwakha, koma sapikisana.

Chachiwiri, pakhale munthu wodziwa ntchito, monga dokotala, kapena bungwe loyenera, amene watsimikiza kuti munthuyu ali ndi ulumali wa nzeru. Mawu a mnansi sakwana. Mawu a mfumu, ngakhale timawalemekeza, paokha sakwana.

Munthu amene ulumali wake ndi wa mwendo wokha, kapena wa maso okha, kapena wa makutu okha, khomo lake si ili. Wa mwendo kapena wa maso ali ndi magulu ake ku Paralimpiki. Koma akhoza kusewera nawo ngati mnzawo wothandizana naye, chifukwa pali matimu ena osakaniza aulumali wa nzeru ndi opanda ulumaliwo m'timu imodzi.

Chachitatu, apimidwe thupi kuchipatala. Apa makolo a ana a Down mumvetsetse. Ena mwa ana amenewa mafupa awo a m'khosi ndi olobodoka. Kumenya mpira ndi mutu, kupidiguka, kapena kudumphira m'madzi chamutu kukhoza kuwavulaza koopsa. Si onse, koma ndi wachipatala yekha angadziwe. Musamlole mwana wotere kuchita zimenezi asanapimidwe khosi.

Tsopano tifike pa lamulo limene ife timalikonda kuposa onse. Pa khomo ili safunsa kuti, "Kodi umathamanga kwambiri?" Wofulumira amalowa, wochedwa amalowanso. Chimene amachita ndi kugawa anthu m'magulu kuti aliyense apikisane ndi ofanana naye. Mlimi samanga thole ndi nkhunzi yaikulu pa goli limodzi.

Amagawa chonchi. Amuna paokha, akazi paokha. Kenaka zaka: 8 mpaka 11, 12 mpaka 15, 16 mpaka 21, 22 mpaka 29, ndi 30 kupita m'tsogolo. Kenaka amawathamangitsa koyamba nkulemba nthawi ya aliyense. Gulu limodzi lisachepere anthu 3, lisapitirire anthu 8. Ndipo pakati pa woyamba ndi womaliza m'gulumo, kusiyana kusapitirire 15 pa 100.

Tiyeni tiwerengere pamodzi, poti masamu tinaphunzira. Mtsikana wina wathamanga mamita 100 pa masekondi 20. Kodi 15 pa 100 ya 20 ndi zingati? 10 pa 100 ya 20 ndi 2. Theka la 2 ndi 1. Tikaphatikiza, 3. Kotero m'gulu lake mulowe amene nthawi yawo ili pakati pa masekondi 20 ndi 23. Wa masekondi 30 apite m'gulu lina, ndipo kumeneko nayenso akhoza kukhala woyamba. M'gulu lililonse atatu oyamba amalandira mendulo, otsalawo amalandira riboni.

Mwina wochenjera wina wayamba kale kuganiza: "Ndidzamuuza mwana wanga kuti pa kuthamanga koyamba azitsimphina, alowe m'gulu la ofooka, kenaka adzawasiye kutali." Zimenezi anaziona kale. Lamulo likuti wopikisana aonetse mphamvu zake zonse kuyambira pachiyambi. Amene pa mpikisano womaliza waposa nthawi yake yoyamba mopitirira muyeso akhoza kuchotsedwa. Ndipo wolira adzakhala mwanayo, amene anangomvera mawu a bambo wake.

Khomo laling'ono

Khomo lachiwiri ndi la akatswiri, lopita ku Paralimpiki. Apa amafuna liwiro lenileni. Mlonda wa khomo ili ndi bungwe lotchedwa Virtus, limene linayamba mu 1986 ndipo kale linkatchedwa INAS. Munthu asanapikisane ndi mayiko ena, dzina lake liyenera kulembedwa m'kaundula wa bungweli. Kuti lilembedwe, pamafunika umboni wa zinthu zitatu, ndipo zonse zitatu zikhalepo.

Umboni woyamba ndi mayeso a nzeru. Woyesa ndi katswiri wa kaganizidwe ka munthu, amene pa Chipwitikizi amati psicólogo. Amakhala ndi munthuyo awiriwiri, namfunsa mafunso, nampatsa zithunzi ndi timatabwa kuti alumikize. Mayesowa anawakonza kuti munthu wapakatikati azipeza 100. Wolowa pa khomo ili apeze 75 kapena kucheperapo.

Umboni wachiwiri ndi wa moyo wa tsiku ndi tsiku. Nambala yokha siikwana. Kodi munthuyu amatha kusamba ndi kuvala yekha? Amatha kuwerengera chenje? Amatha kukwera galimoto yekha kupita ku Tete nkubwerako? Amazindikira munthu akamamnyenga? Amadziwa choopsa? Mayankho a mafunso awa ali ndi amene amakhala naye: mayi, bambo, agogo, aphunzitsi. Tsiku lina katswiri akhoza kukufunsani inuyo. Musakuze vuto kuti mwana alowe. Musabisenso vuto chifukwa cha manyazi. Nenani zimene mumaona.

Umboni wachitatu ndi wakuti ulumaliwu unayamba pa ubwana, munthu akali kukula. Bambo wa zaka 40 amene wagwa pa njinga yamoto, kapena dothi lamgwera m'dzenje la golide, nzeru zake nkusokonekera, ndi wofunika thandizo ndithu. Koma gulu lake si ili.

Akadutsa zitatuzi, pamatsala chimodzi, chimene chinawonjezedwa chifukwa cha Sydney. Ayenera kuonetsa kuti ulumali wakewo umamvutitsadi pa masewera amene wasankha. Wina afunsa kuti, "Nzeru zikukhudzana bwanji ndi miyendo?" Taganizani za mpikisano wa mamita 1,500. Wothamanga amayenera kusunga mphamvu, kudziwa kuti wazungulira kangati, kudziwa nthawi yoti athamange kotheratu. Zili ngati nkhokwe: amene sadziwa kugawa chimanga chake amachimaliza mvula isanagwe. Wodumpha naye amayenera kuwerengera mapazi kuti aponde pa thabwa. Nchifukwa chake oyesa amampatsa mayeso ena pa kompyuta, namuonerera akuyeserera, namuonereranso pa mpikisano weniweni.

Ku Paralimpiki masewera a gulu ili alipo a mitundu itatu yokha: kuthamanga ndi kudumpha ndi kuponya chitsulo, kusambira, ndi tenisi ya patebulo. Basiketebo uja sanabwererenso.

Gulu lililonse lili ndi chilembo ndi nambala, ndipo inu amene mwaphunzira zilembo mukhoza kuziwerenga. T20 ndi othamanga ndi odumpha aulumali wa nzeru. F20 ndi oponya chitsulo. S14 ndi osambira. Manambala 11, 12 ndi 13 pa kuthamanga ndi a vuto la maso. Edmilsa Governo, mwana wa Mozambique amene anatenga mendulo yachitatu pa mamita 400 ku Rio de Janeiro mu 2016, anathamanga m'gulu la T12. Iye ndi wa vuto la maso, ndipo mendulo yake inali yoyamba ya dziko lathu ku Paralimpiki. Pa masewera omwewo, pa mamita 400 a gulu la T20, mendulo yachitatu anatenga Gracelino Barbosa wa ku Cabo Verde, dziko laling'ono la mu Afrika loyankhula Chipwitikizi ngati lathu. Nayonso inali mendulo yoyamba ya dziko lake. Wapamwamba pa mpikisanowo anali Daniel Martins wa ku Brazil.

Bungwe la Virtus lili ndi masewera akeake, ndipo kumeneko magulu alipo atatu. Loyamba ndi lomwe tafotokozali. Lachiwiri ndi la amene ali ndi ulumali wa nzeru pamodzi ndi vuto lina la thupi, makamaka a Down, chifukwa anaona kuti akawasakaniza ndi enawo amatsalira nthawi zonse. Lachitatu ndi la anthu a otizimu. Koma ku Paralimpiki kumapita gulu loyamba lokha.

Kusaphunzira si ulumali

Apa tiime pang'ono, chifukwa nkhaniyi ikukhudza aliyense m'chipinda chino.

Ambiri a inu simunapite kusukulu muli ana. Ena sukulu kunalibe. Ena nkhondo inakuthamangitsani kupita ku Zambia kapena ku Malawi. Ena munali atsikana, ndipo anati sukulu ndi ya anyamata. Tsono tiyerekeze kuti wabwera munthu ndi mayeso olembedwa ku Ulaya, nakufunsani m'Chipwitikizi, nakuonetsani zithunzi za zinthu zimene simunazionepo chibadwire. Mupeza zingati? Mwina pansi pa 75. Kodi ndiye kuti muli ndi ulumali wa nzeru?

Iyayi. Mayi amene amadziwa mbewu yoyenera dothi lililonse, amene amasunga m'mutu ngongole za anthu khumi, amene amalongosola mlandu pabwalo la mfumu mpaka onse kukhala chete, nzeru zake nzokwana. Chimene anasowa ndi mwayi. Katswiri amene angamyese mlimi uyu ndi mayeso achilendo nkumulemba kuti ngwaulumali, walakwitsa ntchito yake. Naye katswiriyo timpatse mayeso athu: asiyanitse bowa wodyedwa ndi wakupha, apeze njira m'thengo dzuwa litalowa. Tione apeza zingati.

Nchifukwa chake mayeso abwino amachitika m'chiyankhulo chimene munthu amamva, ndipo alipo ena a zithunzi zokha, opanda mawu. Nchifukwa chakenso umboni wachiwiri uja, wa moyo wa tsiku ndi tsiku, ndi wolemera kwambiri kuno kwathu. Timayerekeza munthu ndi anzake a msinkhu wake a m'mudzi momwemo, osati ndi mwana wa ku Lisboa. Mnyamata amene satha kuwerenga koma amayendetsa ngolo, amagulitsa fodya, amadziwa akamberedwa pa sikelo, alibe ulumali wa nzeru. Abwere ku sukulu yathu ino. Akalowa mpikisano wa aulumali, wachita za ku Sydney.

Tinenenso chimene chimatiwawa. Malamulowa ndi olungama, koma mtengo wake umalemera kwa osauka. Akatswiri oyeza nzeru ndi ochepa m'dziko mwathu, ndipo amapezeka m'zipatala zikuluzikulu za m'mizinda. Mwana wa ku Madrid katswiri ali naye pafupi. Mwana wa ku Cassacatiza ayenera kupeza ya galimoto, ya chakudya, ya pogona, yake ndi ya womperekeza. Ananama ndi a dziko lodzaza madokotala, koma phiri limene linamangidwa chifukwa cha bodza lawo akukwera ndi mwana wa mlimi. Ichi tiyenera kuchinena kwa akuluakulu a zamasewera ndi a zaumoyo nthawi iliyonse akabwera kuno. Tili ndi poimira. Malamulo aakulu a dziko lathu, pa ndime 37, amati nzika zaulumali zili ndi ufulu wonse monga ena. Mu 2012 Mozambique inavomereza pangano la mayiko onse la ufulu wa anthu aulumali, ndipo ndime 30 ya panganolo imatchula masewera.

Mapepala

Tinalonjeza kuti nkhaniyi ifika pa pepala. Yafika.

Taonani malamulo onse aja. Zaka 8: umboni wake uli kuti? Gulu la zaka 12 mpaka 15: adziwa bwanji? Ulumali unayamba pa ubwana: anene ndani? Kunena kuti, "Anabadwa chaka cha njala ija," kumudzi kumamveka, koma kwa olemba kaundula sikumveka.

Ana aulumali ndiwo amatsalira pa kulembetsa. Makolo amati, "Uyu adzapita kuti? Sedula ya chiyani?" Amalembetsa ana enawo, uyu nkumsiya kuseri kwa nyumba. Mwana wopanda sedula sangapeze B.I., wopanda B.I. sangapeze pasipoti, wopanda pasipoti sangadutse malire ngakhale atathamanga kuposa gwape. Lembetsani mwana aliyense ku ofesi yolembetsa obadwa. Akali wakhanda nkosavuta. Wakula kale, pitanibe, khomo silinatsekedwe.

Pepala lachiwiri ndi khadi la kusikelo. Ambiri timalitaya mwana akamaliza katemera. Musalitaye. Pa khadi paja pali tsiku lobadwa, kulemera kwa mwana mwezi ndi mwezi, ndi matenda amene anadwala. Ngati anagonekedwa ndi malungo aakulu, kapena sanalire pobadwa, pemphani anamwino alembe. Patapita zaka 15, mzere umodzi umenewo ndiwo udzayankhe funso lakuti vuto linayamba liti.

Pepala lachitatu ndi la kusukulu. Mwana waulumali wa nzeru ali ndi malo m'kalasi monga anzake. Ngakhale atabwereza kalasi katatu, mapepala ake sungani. Pemphani aphunzitsi alembe zimene amatha ndi zimene zimamvuta.

Pepala lachinayi mulemba nokha. Tengani kope. Lembani chaka chimene mwana anayamba kuyenda, chaka chimene anatchula mawu oyamba, chaka chimene anayamba kudya yekha. Lembani m'Chichewa chathu chomwechi, ndi zilembo zanu zokhotakhota zomwezo. Amene dzanja likali lolemera, mnzanu wa pambali akuthandizeni. Mapepala onsewa akulungeni m'pulasitiki, muwaike m'chitini chotseka, kutali ndi chiswe ndi denga lodontha.

Pabwalo lathu

Sitidikira kalata yochokera ku Maputo kuti ana athu ayambe kuthamanga. Bwalo la sukulu lilipo. Chingwe choyezera mamita 50 chilipo. Foni ya m'manja imawerenga masekondi. Mpira wa mapepala ana amaumanga okha.

Koma tiyambe ndi malamulo omwewo, ngakhale mphoto yake ikhale nthochi. Wachipatala ayambe wawaona onse, makamaka a Down ndi amene amagwa khunyu. Tiwathamangitse koyamba, tilembe nthawi, tiwagawe m'magulu a anthu 3 mpaka 8. Wolemba maina ndi nthawi akhale mmodzi wa inu ophunzira, osati ife aphunzitsi. Amene waphunzira manambala mpaka 100 ntchitoyi aitha.

Munthu mwini wake afunsidwe ngati akufuna. Ena safuna kuthamanga, amafuna kuponya, ena amangofuna kuimba ng'oma. Tisamkoke munthu pamkono kuti alendo aone. Mtsikana akamapita ku masewera a kutali aperekezedwe ndi mayi kapena mbale wake wamkazi, chifukwa tikudziwa kuti alipo amuna amene amadyera masuku pamutu atsikana otere podziwa kuti sakanena. Ndipo oonerera auzidwe masewera asanayambe, a mfumu ndiwo awauze: kuwomba m'manja nkololedwa, nthungululu nzololedwa, kuseka munthu ayi.

Pakadzapezeka mmodzi wothamanga mosiyana ndi anzake, nthawi zake zidzakhala zili m'kope, mwezi ndi mwezi. Kope limenelo, pamodzi ndi sedula, khadi la kusikelo ndi kalata ya aphunzitsi, tidzapita nazo ku ofesi ya maphunziro ndi masewera ya boma lathu, kuti atilozere njira ya ku Tete ndi ya ku komiti ya Paralimpiki ya dziko lathu.

Loweruka likubwerali, aliyense amene ali ndi mwana wotere pakhomo, kaya ndi wake, kaya ndi mdzukulu, kaya ndi wa malemu mchemwali wake, abwere ndi pepala lililonse la mwanayo limene lili m'nyumba, ngakhale lodyedwa ndi chiswe. Tidzawerenga pamodzi, tione chimene chilipo ndi chimene chikusowa. Mwanayo musamsiye kunyumba. Chingwe choyezera tibwera nacho ndife.